Amuna anga ni konsitebo zaka 11, manje awachotsa m'tauni, tichite bwanji?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, tikhala m'kampu kuno ku Chipata. Amuna anga ni akapokola, analowa nchito zaka 11 zapitazo koma mpaka lero akali konsitebo, pamene anzao a sikwadi imodzi, amene analowa nao nchito pamodzi, ena ni masajeni, ena afika pa insipekita. Mwezi watha kunabwera bwana watsopano, sipanathe masabata atatu tangomva kuti dzina lao latuluka pa tiransifa, apite ku positi ya kumudzi kufupi ndi malire. Iwo akuti ni chilango, sakudya bwino, ayamba kukamba zosiya nchito. Mlongo wanga akuti adziwa munthu wa chipani amene angakambe ndi akuluakulu ku Lusaka, koma afuna ya mafuta. Atate, inu munaigwirapo nchitoyi, tiuzeni zoona.

Yankho: Mulamu, ndikuitanani choncho chifukwa mkazi wa kapokola aliyense kwa ine ni mulamu, olo kuti yunifomu ndinavula kale. Uthenga wanu ndawerenga kawiri, ndipo pamene pandigwira mtima kwambiri ni paja mwati bambo sakudya bwino. Ndizidziwa zimenezo. Munthu afika panyumba, avula jombo, akhala pakhonde duu osakamba ndi aliyense, nsima mpaka kuuma pa tebulo, ana akuyenda monyang'ama kuopa kukalipiridwa. Ndiye ndisanapite kutali ndikuuzeni zofunika changu. Ya mafuta ija musapereke olo ngwee imodzi. Kalata yosiya nchito asalembe. Ndipo tsiku limene alembedwa kuti akaonekere ku positiko apite akaonekere, olo mtima uwawe bwanji. Zinazi tikhoza kukonza pang'onopang'ono, koma izi zikalakwika sabata ino mudzalira nazo zaka.

Tiyambe ndi bwana watsopanoyo poti ndiye mwamuika mu mtima. Pa nchito ya yunifomu mipando yakumwamba siikhalitsa munthu mmodzi, ndipo mukaona mmene yasinthira zaka zapitazi mudzaleka kudabwa. Mu 2012 a Michael Sata anaika mayi Stella Libongani kukhala Inspector General (IG), mkulu wa apolisi onse, mzimayi woyamba kukhala pa mpando umenewo. Atachoka iwo panabwera a Kakoma Kanganja. A Hakainde Hichilema atalumbira pa 24 August 2021 sipanathe sabata, pa 29 August analengeza kuti a Lemmy Kajoba ndiwo atenga mpando wa IG, tsiku lomwelo anasinthanso akulu a Army, a ZAF ndi a ZNS, ndipo makomishinala a polisi a m'zigawo anachotsedwa pa mipando yao onse pamodzi. Mu April 2023 a Kajoba anachoka, a Graphel Musamba analowa. Ndiye amuna anu ndi zaka zao 11 agwirapo kale pansi pa ma IG atatu kapena anai, ma in-chaji okha mwina sangawerenge n'komwe, koma nambala yao ya nchito ikali yomweyo imene anapatsidwa ku depoti, kusukulu ya apolisi. Bwana amene wabwerayu nayenso adzapita, mwina ana anu asanasinthe ndi yunifomu ya sukulu yomwe.

Chimene chichitika n'chakuti kumwamba kukagwedezeka, kugwedezekako kumatsika. Wamkulu wa chigawo akasintha afuna kuona madisitirikiti ake, wa disitirikiti afuna kuona masitesheni, ndipo chinthu choyamba chimene bwana aliyense watsopano amaitanitsa ni lisiti ya maofesala ndi zaka zimene aliyense wakhala pamalo amodzi. Amene wakhalitsa ndiye woyamba kunyamuka. Chifukwa chake chilipo ndipo n'chomveka, kapokola akakhala zaka 8 kapena 10 pa sitesheni imodzi m'tauni ngati Chipata, a njinga ndi a honda onse amudziwa, pa Kapata maliketi aliyense ni mnzake, ku Mchini ali ndi akumpingo, ku Navutika ali ndi achibale, tsiku lofunika kumanga munthu dzanja limalemera. China, kuno kum'mawa malo ofuna maofesala achuluka. Vubwi ndi Sinda anakhala madisitirikiti mu 2012, ndiye mu 2018 panaonjezeka Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi, Chama naye anabwerera kuno kuchoka ku Muchinga mu 2021. Komanso CDF, ndalama ya chitukuko ya konsitichuwensi iliyonse, itakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, madera ena anayamba kumanga mapositi a polisi ndi ndalama imeneyo. Nyumba ikamangidwa ifuna anthu, ndipo satumizako mwana wongotuluka ku koleji ya apolisi ya Lilayi yekha, afuna wina amene waonapo zinthu. Konsitebo wa zaka 11 ndiye munthu ameneyo.

Sindikunamizani kuti tiransifa ya chilango kulibe. Iliko, ndinaionapo, munthu wangoyankha bwana pamaso pa anthu, mwezi wamawa ali kutchire. Koma musanaweruze onani kalatayo ndi maso anu. Dzina la amuna anu lili lokha, kapena lili pa lisiti ya anthu khumi, makumi awiri? Panali chaji (mlandu wa kunchito) kapena mkangano masiku apitawa? Akhala zaka zingati pa sitesheni imeneyo? Ngati ni lisiti yaitali ndipo iwo akhalitsa, mulamu, bwanayo mwina nkhope yao saidziwa n'komwe, anangoona zaka pa pepala. Ndipo olo chikhale chilango ndithu, njira yake ni imodzi. Uyamba wakaonekera, dzina lilowe mu OB ya kumeneko, buku lolembamo zochitika pa positi, kuti wafika, kenako ulemba apilo kudzera kwa in-chaji wako, iye aitumiza kumwamba. Zifukwa zimene amamvera ni zokhala ndi pepala kumbuyo, matenda ofuna chipatala chachikulu ndi kalata ya dokotala, mwana amene ali m'kalasi ya mayeso, mkazi wogwira nchito ya boma pamalopo. Zakuti "bwana andizonda" palibe amene adzasaina. Munthu akangokhala panyumba osapita amalembedwa kuti wajomba popanda chilolezo, masiku akachuluka ikhala nkhani yothawa nchito, ndipo pamenepo olo amene amakukonda ku hedikota sangakuthandize.

Ndikuuzeni zanga. Tiransifa yanga yoyamba inandipeza ndili konsitebo wa zaka 7, ndipo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti in-chaji wina wandigulitsa. Malowo sinditchula, ni kuno kwathu komwe kum'mawa. Tinakwera lole yopita kukatenga thonje, amai akunyumba kutsogolo ndi mwana pamiyendo, ine kumbuyo nditakumbatira matiresi ndi mbaula, fumbi mpaka m'mano. Titafika ndinapeza tizipinda tiwiri, kena ofesi kena selo, tebulo imodzi, OB, njinga yopanda mabuleki, ndi anzanga awiri. Usiku woyamba sindinagone, ndinangomva afisi ndi mtima wanga. Koma taonani, m'tauni muja zaka 7 zonse nchito yanga inali kukhala pa inkwayale polandirira anthu ndi kulonda pa geti, doketi ya mlandu ndinali ndisanaigwirepo kuchoka poyamba mpaka ku khoti. Kumudzi kulibe wa CID woti umupatsire, kulibe wa Victim Support Unit pafupi, wekha ulandira dandaulo, wekha upita pamalo, wekha ulemba masitetimenti pa kandulo, wekha uperekeza woganiziridwa ku boma.

Mvula ili pafupi kugwa kunabwera agogo ena aakazi akulira, ng'ombe zao ziwiri zapangolo zatulutsidwa m'khola usiku. Anthu a m'tauni sadziwa kuti ng'ombe ziwiri mwezi wa November ndiye chakudya cha chaka chonse cha banja. Agogowo anandiuza kuti ina ili ndi nyanga yothyoka kumanzere, ina ili ndi banga loyera pamphumi, ndinalemba zonse mmene anakambira. Tinatsata mapazi masiku atatu ndi anyamata a nebahudi ndi mwana wa anyakwawa, pena kukwera njinga pena kuikankha mumchenga, mpaka tinazipeza zitamangidwa m'dambo lina pafupi ndi malire, zikudikira wogula. Agogo atabwera kudzazizindikira anangoitana dzina la ija yothyoka nyanga, ng'ombe inadzutsa mutu n'kulira, anthu onse anali pamenepo anaomba m'manja. Ku khoti mlandu sunavute chifukwa zimene zinali mu sitetimenti ya tsiku loyamba ndi zimene majisitireti anaona pa ng'ombezo zinali chimodzimodzi. Amfumu a deralo analembetsa kalata yothokoza kupita kwa bwana wa disitirikiti, ine osadziwa, ndipo kalatayo inalowa mu fayilo yanga. Patapita zaka ziwiri ndinavala usajeni. Sindikuti aliyense wopita kumudzi amabwerako ndi renki, mmodzi mwa anzanga awiri aja kachasu anamutenga, anachotsedwa nchito ana ake akali aang'ono, mpaka lero zimandiwawa ndikamukumbuka. Koma pa sitesheni ya anthu 80 dzina la konsitebo limamira, pa positi ya anthu atatu bwana wa disitirikiti amalidziwa, likachita bwino ndi likalakwa lomwe.

Manje za pulomoshoni. Renki zimakwera chonchi, konsitebo, sajeni, insipekita, chifu insipekita, kenako asisitanti supulitendenti, supulitendenti, siniya supulitendenti, mpaka kwa makomishinala uko. Pansi m'potakata, pamwamba m'popanikiza ngati denga la nkhokwe. Mipando ya renki iliyonse ili ndi chiwerengero chake chimene boma linavomereza kulipira, ndiye usajeni supatsidwa chifukwa munthu wakwanitsa zaka zakuti, pafunika mpando ukhale wopanda munthu, wina wapuma, wamwalira, wakwezedwa, kapena atsegula malo atsopano. Sikwadi ikakhala yaikulu, onse amafika pakhomo limodzi nthawi imodzi, ena alowa ena adikira. Mpando ukapezeka maina amachokera pansi, in-chaji alemba, adutsa ku disitirikiti, ku chigawo, mpaka ku hedikota ku Lusaka. Ndipo Constitution imene inakonzedwa mu 2016 inapereka kwa Zambia Police Service Commission mphamvu yolemba anthu nchito, kuwatsimikiza, kuwakweza ndi kumva maapilo ao. A Zambia Correctional Service, aja tinkawatcha a ndende ngati a ku Namuseche, naonso ali ndi komishoni yao. Ndatchula izi kuti muone kutalika kwa njira imene dzina limayenda. Anthu ambiri amene asaina panjirapo amuna anu sanawaonepo, chimene amaona ni fayilo.

Apa ndiye ndifuna mumvetsetse, chifukwa zaka zanga zomaliza ndinazithera mu ofesi ya admini ndipo mafayilo ndinawagwira ndi manja angawa. Nthawi ya maina ikafika timaunjika pa tebulo. Ena ni onenepa, ena ni opyapyala ngati chikuto cha kope. Tsiku lina ndinatsegula ya mnyamata amene ndinkamudziwa bwino, wakhama, wosamwa, woti ukamutuma usiku sadandaula. Mkati munali kalata yolembedwa nchito, mafomu a livu, ndi chaji imodzi yakalekale yochedwa pa pelete. Basi. Nditamuitana ndinamufunsa kuti kodi iwe sukulu ija unkapita madzulo inathera kuti, akuti "bwana ndinamaliza, dipuloma ili kunyumba mu sutukesi." Zaka zitatu pepala lili pansi pa bedi, iye akudandaula kuti amuiwala. Ndinamufunsa chifukwa, akuti ankaopa kuoneka ngati wodzikweza, komanso bwana wake wakale ankadziwa ndipo anamulonjeza pakamwa. Bwanayo anali atasamutsidwa chaka chatha, lonjezo linakwera naye basi. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ichi ndicho chimapweteka anthu mabwana akasintha, zonse zimene wakale ankadziwa za iwe m'mutu mwake zimapita naye, watsopano ayambira pa zimene zalembedwa.

Ndiye amuna anu asananyamuke, kapena akangokhazikika, apemphe mwaulemu kwa a admini kuti aone zimene zili mu fayilo yao. Satifiketi ya Giredi 12 ilimo? Kalata yowatsimikiza pa nchito ilimo? Makosi onse amene anapitako, olo a sabata imodzi, mapepala ake alimo? Mafomu oyeza kagwiridwe ka nchito a chaka ndi chaka anadzazidwa ndi kusainidwa, kapena pali zaka zopanda kanthu? Ngati pali chaji yakale adziwe kuti inatha bwanji, chifukwa nthawi zina mlandu unatha kalekale munthu anapezeka wosalakwa koma pepala lotseka silinalowe, ndiye aliyense wotsegula amaona ngati ukali moyo. Chilichonse chosowa apereke fotokope ndi kalata yapamwamba, iwo asunge kope yodindidwa. Inu mulamu gulani fayilo ya pulasitiki ku shopu, muzisunga kope ya pepala lililonse la nchito yao pamodzi ndi makadi a ana a kusikelo, malo amene mudziwa kuti chiswe sichifika.

Za anzao a sikwadi amene apita patsogolo, ena anaphunzira, ena analowa mbali zimene mipando imatseguka msanga, ena anakhala pamalo abwino nthawi yabwino. Ndipo inde, alipo amene anakwera chifukwa cha wachibale kapena wa chipani, ndikakana mudzati mkuluyu ni wabodza. Koma ine ndakhala nthawi yokwanira kuona mathero ake. Boma la Zambia lasintha chipani mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo nthawi zonse ofesala amene ankadziwika kuti ni "wa uje" ndiye woyamba kuyang'anidwa ndi diso lofiira. Mau aja akuti retired in national interest mwawamvapo pa wailesi, kumbuyo kwake kumakhala banja likulongedza katundu m'kampu. Constitution yomweyo imanena kuti a chitetezo asakhale a chipani chilichonse. Munthu wa zaka 11 akali ndi zaka zambiri kutsogolo, masankho angapo adzamudutsa ali mu yunifomu, asadzipake utoto umene sadzatha kuusamba.

Komanso munthu wa mlongo wanuyo, ndikhululukireni, ine ndimukaikira. Nthawi ya matiransifa ndi ya maina akuba amachuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Amadziwa kuti m'kampu muli mantha, amaimba foni akudzitcha a ku hedikota, dzina ndi nambala ya ofesala akuzitchula bwinobwino poti lisiti yazungulira kale pa WhatsApp, ndiye akuti tumizani pa mobile money tikonze. Ukatumiza mawa afuna ina ya "bwana wamkulu", mkuja foni yazima, ndipo sungakadandaule kulikonse chifukwa iwe wemwe unali kugula chinthu chosagulitsa. Pa Anti-Corruption Act ya 2012 wopereka ndi wolandira onse ni olakwa. Tangoganizani kapokola akufunsidwa ndi a ACC, aja olimbana ndi ziphuphu, chifukwa cha ndalama imene mkazi wake anatumiza, renki imene mumafunayo ndiye yatheratu, ndi nchito yomwe. Mlongo wanu afuna kukuthandizani, muthokozeni, koma muuzeni kuti nkhaniyi aisiye ndipo dzina la alamu ake asalitchulenso kwa munthuyo.

Ndalama imene mukanataya kumeneko ikhoza kugwira nchito yeniyeni. Ngati satifiketi ya Giredi 12 ili ndi mabowo, makamaka Chingerezi ndi masamu, alembe GCE ya ECZ atseke mabowowo, palibe manyazi, ndaona anthu a imvi akulemba. Ngati ili bwino ayambe dipuloma kapena digiri ya disitansi, UNZA ili nayo, Zambian Open University, Mulungushi, NIPA, ndipo kumudzi nthawi yowerenga imapezeka kusiyana ndi m'tauni, bola kasola ndi netiweki ya pachulu. Koma asanalipire atsimikize kuti sukuluyo ni yolembetsedwa ku Higher Education Authority, ndipo apemphe chilolezo chophunzira mwa kalata kuti pepala likadzabwera lisadzakhale lachilendo kwa mabwana. Asankhenso zimene nchito imagwiritsa, malamulo, za upandu, akaunti, makompyuta, za uphungu. Masiku ano milandu ya pa foni ndi pa intaneti yachuluka, ofesala wodziwa kutsata ndalama ya pa mobile money samusiya pa geti. Makosi a mkati naonso asamawathawe, kaya ni ku Lilayi, ku Kamfinsa ku Kitwe kapena ku Sondela ku Kafue, ambiri amazemba poopa kuthamanga ndi kusiya banja miyezi, kenako adabwa kuti amene anapita ndiwo akwera.

Layisensi yoyendetsa motoka ali nayo? Funso limeneli ndimafunsa mnyamata aliyense chifukwa cha mishoni za UN. Apolisi a Zambia agwirapo ku Darfur ndi ku South Sudan, asilikali athu ali ku Central African Republic kuyambira 2015. Kwa kapokola, UN ifuna munthu amene wagwira zaka zosachepera 5, ndipo pamakhala mayeso a chilankhulo, kumva nkhani ndi kulemba lipoti, kuyendetsa motoka ndi kuombera mfuti. Ambiri amagwa pa lipoti ndi pa kubweza motoka chambuyo pakati pa makoni. Konsitebo amene walemba madoketi ake yekha zaka ziwiri kumudzi, lipoti silimuopsa. Mishoni payokha siipereka renki, koma munthu amabwerako ndi kanthu komangira nyumba ndi pepala lolemera mu fayilo.

Mbali yanu mulamu ni yaikulu kuposa mmene muganizira. Funsani msanga kwa a admini za nyumba ya m'kampu, kuti mupatsidwa nthawi yaitali bwanji, musadzangoona wina waima pakhomo ndi katundu. Afunsenso za ndalama yosamukira, ndiponso ngati malowo ali m'gulu lolandira rural kapena remote hardship alawansi, ndipo aonetsetse kuti peyi pointi, malo amene alembedwa pa malipiro kuti ndiko agwirira nchito, yasinthidwa, chifukwa ikatsalira ku Chipata alawansiyo siituluka. Pa nkhani yoti mupite nao kapena mutsale, mudziwa ndinu za sukulu ya ana, koma ine maganizo anga ngakuti ngati kuli kotheka pitani. Mabanja ambiri amene ndinaona akupasuka anayamba ndi mapoto awiri, bambo kumudzi mayi m'tauni, malipiro amodzi kudyetsa nyumba ziwiri, kenako loni pamwamba pa loni, peyisilipu yotsala ndi ya mchere chabe, kenako kaloba. Ofesala wa ngongole ndiye amayamba kutambasula dzanja pa rodibuloko kapena pamalire, ndipo malire ali ndi mayesero ake, feteleza, chimanga, mafuta, zonse zofuna kudutsa usiku. Chaji imodzi ya zimenezo imafafaniza zaka 11 zonse. Kumudzi mukapempha bwino kwa anyakwawa kamunda kamapezeka, ife tinalima nshawa ndi chimanga, tinaweta nkhuku, ndipo kanali koyamba kuti malipiro afike pa 20 ya mwezi tisanakongole.

Chomaliza ndichikamba mosazungulira. Mwamuna amene waleka kudya, sagona, akuona ngati anzake onse amuseka, ndipo kunchito amagwira mfuti, simunthu womusiya yekha ndi maganizo. Mau oti "anzanu akwera inu mukali pompo" asatuluke pakamwa panu olo mutakwiya bwanji, kunja akuwamva kale okwanira, ndipo azimai a m'kampu akayamba zofunsa funsa pa mpopi ingotungani madzi muzipita. Pezani munthu amene iwo amamulemekeza, kaya ni abusa a polisi, kaya sajeni wachikulire, kaya atsibweni ao, abwere akhale nao pansi. Mukamva mau ngati "bola kufa" kapena "mudzatsala bwino ndi ana", musadikire kuti kuche, uzani in-chaji kapena abusawo tsiku lomwelo kuti asapatsidwe mfuti, ndipo mupite nao kuchipatala. Kumeneko sikuwachititsa manyazi. Ndinaperekezapo maliro a mnzanga amene tonse tinkati angokhumudwa chabe zidzatha.

Zosiya nchito aziike pambali mpaka atagwira miyezi 6 kumaloko. Munthu wosiya ndi mkwiyo amatuluka ndi manja awiri, nchito imene imamudikira panja kawirikawiri ni ya ulonda ku kampani, malipiro ochepa kutalitali ndi amene akuwaderera lero, ndipo kubwerera mu yunifomu n'kovuta kwambiri. Akadzafuna kuchoka adzachoke ali ndi pepala la sukulu m'manja ndi kumene akupita, pamenepo ine ndidzawadalitsa.

Muwaonetse yankho ili awerenge okha, muwauze kuti lachokera kwa mkulu wao amene anakwerapo lole ya thonje. Ndipo mukaiona kalata ija mundilemberenso, mundiuze ngati dzina lili lokha kapena pa lisiti, zaka zimene akhala pa sitesheniyo, ndi kalasi imene mwana wanu wamkulu ali. Ngati pali chifukwa chogwirika ndidzakuuzani mmene apilo ilembedwera ndi mapepala oti mumangirirepo.